Diso la khanda likamangolengeza misozi: katsukidwe ndi katikitidwe kake

Mwana sakulira, akuyamwa bwinobwino, thupi silikutentha, koma diso limodzi misozi ili lengelenge tsiku lonse. M'mawa mukadzuka mupeza zikope zamatana ndi manthongo achikasu. Mupukuta, pofika nthawi yotereka nsima manthongo adzazanso. Mwalandira mankhwala opaka, diso lasintha masiku angapo, kachubu katangotha vuto labwereranso. Makolo ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo akafika apa amayamba kuzungulira: lero ku famase, mawa kwa mnansi amene mwana wake anadwalapo maso, mkuja kwa asing'anga. Kuzungulirako n'kumene kumaika diso labwinobwino pa ngozi.

Nthawi zambiri vuto la mwana wotere limakhala pa kanjira kotulutsa misozi. Misozi imapangidwa pamwamba pa diso, chakumbali ya kukhutu, n'kumatsuka diso nthawi zonse ngakhale munthu asakulira. Ikamaliza ntchito yake imalowa m'tibowo tiwiri tating'onoting'ono pakona ya diso ya kumphuno, kena pachikope cham'mwamba, kena pacham'munsi. Kuchoka apo imagwera m'kathumba kamene kali pakati pa diso ndi fupa la mphuno, kenako imatsika ndi kanjira kotulukira mkati mwa mphuno. N'chifukwa chake munthu akamalira mamina amayenderera. Ana ena amabadwa kumapeto kwa kanjirako, m'mphuno muja, kuli kanembanemba kosabooka, kapena kanjirako kali kopanikizika. Misozi imasowa kolowera, imadzaza kathumba n'kubwerera m'diso, ndipo imene yakhalitsa m'kathumbamo ndiyo imatuluka ngati manthongo.

Si mwana wanu yekha. Mabuku a madokotala a maso amaika chiwerengero cha ana obadwa chonchi pakati pa 5 ndi 20 pa ana 100 alionse, ndipo pa ana 10 otere pafupifupi 9 kanjirako kamatseguka asanakwanitse chaka, popanda opaleshoni. Ntchito yanu ndi kusunga diso laukhondo ndi kuthandiza kanembanembako kuti kabooke potikita kathumba. Njira yotikitayi inalembedwa ndi dokotala wa ku America, Crigler, mu 1923, ndipo madokotala akuiphunzitsabe mpaka lero. Pomwe ambiri amalepherera ndi pa kutikitapo: amasisita pamalo olakwika, amasisita mopepuka kwambiri, ndipo amasiya sabata isanathe.

Zofunika kukonza

- Madzi owiritsa mpaka kubwata, ozizitsa mpaka kungofunda. Sungani m'kapu yoyera yovundikira, ndipo tsiku lililonse wiritsani ena. Madzi a pamjigo kapena a mumpopi osawiritsa ayi, ngakhale akuoneka oyera chotani.
- Thonje la ku famase. Ngati palibe, dulani tinsalu tofewa toyera, muwiritse, muyanike padzuwa, musunge m'chidebe chotseka.
- Sopo ndi madzi osambira m'manja.
- Chowengera zikhadabo.
- Chitenje kapena thaulo lokulungira mwana.
- Vaseline pang'ono, wa pakhungu la patsaya basi.
- Buku la kusikelo ndi cholembera.
- Mankhwala a m'maso, pokhapokha ngati achipatala alembera mwana ameneyu pa vuto limeneli.
- Malo owala. Masana pakhonde, usiku tochi ya foni yogwiridwa ndi munthu wina, yosalunjika m'diso mwa mwana.

Kuyang'ana diso musanaligwire

1. Tsimikizani kuti ndi kanjira kotsekekadi.

Sitepe iyi ndiyo yaikulu kuposa zonse, ndipo ndikupemphani musaidumphe. Pali matenda ena a maso a makanda amene amayamba ndi misozi ndi manthongo omwewa, koma amatha kupha diso m'masiku owerengeka. Kutikita sikuwachiza.

Tengerani mwana powala ndipo muyang'anitsitse. Ngati ndi kanjira kotsekeka, mbali yoyera ya diso imakhala yoyerabe, kapena yofiirira pang'ono chabe. Zikope sizitupa. Mbali yakuda imakhala yonyezimira, yofanana kukula ndi ya diso linalo. Mwana amatsegula diso padzuwa popanda vuto, amayamwa, amagona mwamtendere. Kawirikawiri zimayamba kuonekera mwana ali ndi masabata awiri mpaka anayi, chifukwa khanda longobadwa kumene limatulutsa misozi yochepa. Nthawi zambiri ndi diso limodzi, koma ana ena amakhala nalo m'maso onse awiri. Misozi imachuluka mwana akadwala chimfine kapena akakhala pamphepo.

Pitani kuchipatala lero lomwe, osadikira tsiku la sikelo, mukaona chimodzi mwa izi:

- Mwana sanathe mwezi, zikope zatupa ndi kufiira, mafinya akutuluka ochuluka, mukapukuta akudzazanso nthawi yomweyo. Awa akhoza kukhala matenda amene mwana watengera m'njira yobadwira. A chinzonono amaonekera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu mwana atabadwa, ndipo amatha kuboola diso msanga kwambiri. A chlamydia, matenda enanso opatsirana pogonana, amachedwerapo, pakati pa masiku 5 ndi 14. Mankhwala opaka okha sakwanira, pamafunika jekeseni kapena mankhwala akumwa, ndipo mayi ndi bambo onse awiri amayenera kulandira chithandizo. Mayi amatha kukhala ndi matendawa osamva chilichonse m'thupi, choncho manyazi ndi kulozana zala zisakuchedwetseni panjira.
- Misozi ikutuluka, mwana akuopa kuwala, akutsinzina mwamphamvu kapena kubisa nkhope pachifuwa panu, diso likuoneka lalikulu kuposa linzake, kapena mbali yakuda yachita mbuu. Izi ndi zizindikiro za glaucoma yobadwa nayo, pamene madzi a mkati mwa diso akuchulukitsa mphamvu. Anthu amatha kumayamikira kuti mwana ali ndi maso aakulu okongola pamene maso akuwonongeka. Mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo imafunika mwachangu.
- Pakati pa diso ndi mphuno patupa, pafiira, pakutentha, mwana akulira mukapagwira. Kathumba kalowa tizilombo. Apa musatikite ngakhale pang'ono.
- Mwana wabadwa ndi chotupa chooneka chabuluu pansi pa kona ya diso ya kumphuno, makamaka ngati akuvutika kupuma pamene akuyamwa.
- Kamwana ka diso kakuoneka koyera, masana kapena pa chithunzi chojambula ndi kuwala kwa foni. Ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso.
- Thupi latentha, mwana wafooka kapena akukana bere.

Ngakhale zonsezi palibe, kaonetseni diso kamodzi kwa anamwino kapena adokotala musanayambe kutikita, ndipo apempheni akuonetseni ndi chala chawo pa mwana wanuyo. Kumva kokha sikukwanira. Zipatala zing'onozing'ono za kumudzi zimatumiza ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo ngati pali chokayikitsa. Palinso Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa, koma poti ndi zamishoni funsiranitu za malipiro.

Kutsuka

2. Wengani zikhadabo, sambani m'manja.

Chikhadabo cha chala cha mkombaphala chikhale chachifupi moti mukayang'ana chala kuchokera kuchikhato chisaoneke. Khungu la pakona ya diso la khanda ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika. Sambani ndi sopo mpaka m'kati mwa zala, ndipo musiye manja aume okha m'malo mopukutira chitenje chimene mwavala kuyambira m'mawa.

Chenjezo: ngati mwagwira tsabola, fodya, sopo wochapira wa ufa, feteleza kapena mankhwala opopera mbewu, sambani kawiri. Mukangosintha thewera sambaninso, ngakhale munali mutasamba kale.

3. Gonekani mwana bwino.

Mukulungeni m'chitenje manja ali mkati, mum'goneke chagada pamiyendo panu kapena pamphasa, mutu uli kwa inu kapena m'mbali mwanu, malinga n'kumene dzanja lanu likufikira bwino. Dzanja limodzi ligwire mutu pachipumi mofatsa kuti asatembenuke mwadzidzidzi chala chili pafupi ndi diso. Nthawi yabwino ndi pamene ali phee: akangomaliza kusamba, akuwodzera, kapena ali pabere. Amayi ambiri amaona kuti pabere mpomwe pamaphweka, chifukwa mwana amakhala wotanganidwa ndipo mutu sugwedezeka. Ngati mwana wakula, wayamba kulimbana, bambo agwire mutu mayi atikite, kapena musinthane.

4. Chotsani manthongo.

Viikani thonje m'madzi ofunda aja, finyani pang'ono. Ngati zikope zamatana, musazikanule ndi zala. Ikani thonje lonyowalo pamwamba pa zikope kwa kanthawi, muwerenge mpaka 30, manthongo afewe okha. Kenako pukutani kamodzi kuchokera pakona ya kumphuno kupita kumbali ya kukhutu, diso lili chitsekere. Tayani thonjelo. Tengani lina, pukutaninso, mpaka nsidze za m'chikope zisiyane.

Chenjezo: thonje limodzi, kupukuta kumodzi. Musabweze thonje logwiritsa ntchito m'kapu, ndipo musalidutsitse ku diso linalo. Musapukute mkati mwa diso. Ngati mukugwiritsa ntchito tinsalu, tochita kale ntchito tiikidwe padera kuti tikawiritsidwenso.

Kutikita

5. Pezani kathumba.

Yesani kaye pa inu nokha. Tsekani diso, ikani nsonga ya chala cha mkombaphala pakona ya diso ya kumphuno. Musunthire pang'ono chakumphuno. Mumva kadzenje kofewa pakati pa diso ndi fupa, ndipo mukayendetsa chala m'mwamba ndi m'munsi mumva kamtsempha kolimba kopingasa. Kathumba ka misozi kali pomwepo, kuseri ndi pansi pang'ono pa kamtsemphako. Kanikizani molunjika kufupa la mphuno kuti mumve mmene pamamvekera. Sipapweteka, koma mumadziwa kuti pagwidwa.

Tsopano funani malo omwewo pa mwana. Pakhanda laling'ono chala cha mkombaphala chikhoza kukula, ndiye gwiritsani ntchito kachala kakang'ono, chikhadabo chake chowenganso.

Chenjezo: apa mpamene ambiri amaphonya. Ena amasisita pamwamba pa mphuno, pafupa lokhalokha. Ena amasisita tsaya. Ena amasisita chikope, zimene zimakanikiza diso lenilenilo. Malo onsewa kulibe kathumba. Chala chiyenera kulowa m'kadzenje kaja, mimba ya chala ikuyang'ana kumphuno, chikhadabo chili kutali ndi diso.

6. Kanikizani, kenako tsetserekani m'munsi.

Muyenera kumvetsa chimene chala chanu chikuchita, chifukwa mukamvetsa simungalakwitse. Taganizani kajumbo kodzaza madzi kamene mwakatsina kukamwa: mukakafinya, madzi amasowa kothawira ndipo kamaphulikira pamene pali popyapyala. Chala chikakanikiza pamwamba pa kathumba chimatseka njira yobwerera kudiso. Chikatsetsereka m'munsi chimakankhira misozi yonse ya m'kathumba kupita kukanembanemba kaja. Mphamvu ya misoziyo ndiyo imakaboola, osati kukhula khungu.

Choncho chitani motere. Ikani chala m'kadzenje, pamwamba pang'ono pa kona ya diso. Kanikizani molunjika kufupa la mphuno. Musanachepetse mphamvu, tsetserekani m'mbali mwa mphuno kupita m'munsi, mtunda wa sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Nyamulani chala, bwererani pamwamba, yambaninso. Chitani zimenezi ka 5 mpaka ka 10. Musabwerere m'mwamba chala chili chikanikizire, ndipo musazungulize.

Mphamvu yake ikhale yotani? Yoposa imene mtima wa mayi umafuna. Kanikizani mpaka nsonga ya chala chanu, pansi pa chikhadabo, iyere pang'ono. Mwana akhoza kuchita tsinya kapena kudandaula, ndipo pakhungu pakhoza kufiira pang'ono n'kubwerera pakapita mphindi zochepa. Zimenezo si vuto. Koma pakatsala chizindikiro cha chikhadabo, pakachita mikwingwirima, kapena mwana akamalira kosatonthozeka, mwapyola muyeso.

Mukakanikiza koyamba, nthawi zambiri mudzaona kadontho ka madzi oterera, oyera kapena achikasu, kakutumphuka pakabowo ka pachikope cham'munsi n'kufalikira m'diso. Musachite mantha. Ndi zimene zinaunjikana m'kathumba, ndipo ndi umboni woti chala chili pamalo oyenera. Ngati masiku akupita simunaonepo chilichonse chikutuluka koma m'mawa manthongo ali thoo, bwererani ku sitepe 5, kapena kaonetseni anamwino mmene mukuchitira.

Chenjezo: musakanikize diso lenilenilo. Musapake mafuta pachala, chifukwa chimaterereka n'kugwera m'diso. Pakangotupa kapena kufiira motentha, siyani kutikita, pitani kuchipatala.

7. Pukutaninso ndi kuumitsa.

Chotsani zimene zatulukazo ndi thonje latsopano monga pa sitepe 4. Umitsani tsaya pogunditsa kansalu kouma, osakhula. Ana ena khungu la pansi pa diso limafiira ndi kusupuka chifukwa chokhala chinyowere tsiku lonse. Pakani Vaseline wochepa kwambiri pakhungupo, kutali ndi mphepete mwa chikope. Pauda ayi.

8. Ikani mankhwala ngati mwapatsidwa.

Manthongo akachuluka n'kusanduka obiriwira, kapena mbali yoyera ya diso ikayamba kufiira, achipatala amatha kupereka mankhwala opaka a tetracycline kapena odontheza a chloramphenicol kwa masiku owerengeka. Aikeni pomaliza, mutatsuka ndi kutikita. Kokerani chikope cham'munsi pansi ndi chala, finyirani mankhwala ochepa m'kati mwa chikopecho, kamlomo ka chubu kasakhudze diso kapena chala. Malizani masiku amene mwauzidwa, kenako siyani.

Dziwani ichi bwinobwino, chifukwa chimasokoneza makolo ambiri: mankhwalawa amapha tizilombo, satsegula kanjira. Manthongo amachepa, koma misozi imapitirira, ndipo mankhwala akatha manthongo akhoza kubwerera. Sikuti mankhwala anali ofooka kapena adokotala sanaone bwino. Kanembanemba kadakalipo basi.

9. Bwerezani tsiku lililonse, ndipo lembani.

Tikitani kawiri mpaka kanayi pa tsiku. Musadalire kukumbukira. Phatikizani ndi zinthu zimene mumachita kale: kuyamwitsa kwa m'mamawa, kusambitsa, kuyamwitsa kwa madzulo, pokagona. Patsamba lomaliza la buku la kusikelo lembani tsiku limene munayamba ndi diso lake, lamanja kapena lamanzere. Mukapita kukatemera pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso pa miyezi 9, kumbutsani azaumoyo kuti ayang'ane diso ndi kulemba zimene aona. Mukadzafika kwa dokotala wa maso zolembazo zidzakuyankhulirani.

Kanjira kamatseguka mosiyanasiyana. Ana ena mumangodzuka tsiku lina diso lili gwa, louma. Ena zimachepa pang'onopang'ono pa miyezi. Diso likakhala louma masabata awiri athunthu mukhoza kusiya kutikita.

Chiperoni, utsi ndi masiku a ntchito

Kwathu kuno nyengo imalowererapo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chikagwa, nkhungu itaphimba phiri ndi minda ya tiyi, ana amadwala chimfine motsatizana. Chimfine chimatupitsa mkati mwa mphuno, pamene kanjira kaja kamatulukira, ndiye ngakhale mwana amene anayamba kusintha misozi imabwereranso. Musataye mtima poganiza kuti ntchito ya miyezi yapita pachabe. Pitirizani kutsuka ndi kutikita, chimfine chikatha muonenso. Mphepo yozizira yokha imachulukitsa misozi, choncho pakabaza kapena panjinga nkhope ya mwana ikhale yotembenukira kwa inu.

Nyengo yomweyo ndi imene timasonkha moto m'nyumba ndi kutseka zitseko. Utsi wa nkhuni sutseka kanjira, koma umayabwa m'maso n'kuchulukitsa misozi imene ikusowa kale kolowera. Ngati pali womugwira, musaphike mutabereka mwana m'khitchini ya utsi. Pa nthawi ya fumbi, Seputembala mpaka mvula itagwa, tsukani diso mukangofika kuchokera kumsika kapena kuchigayo.

Amayi amene amalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, kapena kukagulitsa nanazi ndi nthochi pamsewu, asadzimve olakwa kuti masana sali ndi mwana. Kutikita musananyamuke, mukangobwera ndi pokagona kwakwana katatu. Wotsala ndi mwana, kaya ndi agogo kaya ndi azakhali, muphunzitseni kutsuka. Kutikita muphunzitse munthu wamkulu yekha amene mwamuona akuchita bwino pamaso panu. Mwana mnzake wa zaka 8 kapena 10 asapatsidwe ntchito imeneyi, ngakhale amadziwa kubereka ndi kutonthoza. Ndipo abambo, zala zanu zikhoza kugwira ntchitoyi bwino lomwe. Wengani chikhadabo, muphunzire.

Chaka chikakwana misozi isanaleke

Mwana akafika miyezi 12 diso likadali lonyowa, kapena asanafike apo koma kathumba kakumatupa mobwerezabwereza, pemphani kuonana ndi a za maso ku chipatala cha boma. Amatha kudontheza utoto wachikasu m'diso n'kudikira mphindi 5. Ngati kanjira ndi kotseguka utotowo umatsikira m'mphuno, ngati n'kotseka umatsala uli tayale m'diso. Sizipweteka. Pemphani ayezenso kaonedwe ka maso onse awiri.

Pakafunika kuboola, mudzalandira kalata yopita nayo ku Blantyre, ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a maso a ana. Mwana amagonetsedwa ndi mankhwala, dokotala amalowetsa kawaya kosalala kopyapyala kudzera pakabowo ka pachikope, kutsika ndi kanjira mpaka kuboola kanembanemba. Sacheka khungu, sipatsala chipsera, ndipo ntchito yake imatenga mphindi zochepa. Pa ana 10 ochitidwa zimenezi adakali aang'ono, 8 kapena 9 amachira ndi ulendo umodzi. Otsalawo amabwerezedwa, kapena amaikidwa kachubu kofewa kwa miyezi ingapo kuti kanjira kasatsekekenso. Tsatirani ndendende zimene akuuzani za nthawi yosiya kudyetsa ndi kuyamwitsa mwana asanagonetsedwe. Mukamumvera chisoni n'kumupatsa phala m'mawa, opaleshoni imalephereka, ndipo mukabisa mumaika moyo wake pachiswe. Tsiku loyamba kapena lachiwiri misozi kapena mamina zikhoza kusakanikirana ndi magazi pang'ono.

Ndikudziwa kuti ulendo wa ku Blantyre ndi ndalama, kaya mukwerera pa Chitakale kudzera msewu wa Midima, kaya pa Luchenza kapena pa Thekerani. Yambani kusunga pang'onopang'ono mwana akafika miyezi 9 diso lisanasinthe. Kudikira mpaka zaka zitatu kapena zinayi kumachepetsa mwayi woti kuboola kokha kukwanire. Ana obadwa ndi Down syndrome, chilema chimene chimachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi ka nzeru, amakhala ndi vutoli kawirikawiri kuposa anzawo ndipo limatha kuvuta kutha lokha, choncho iwo aonedwe ndi a za maso msanga.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudontheza mkaka wa m'mawere m'diso. Ambiri tinakula tikuona zimenezi, ndipo amene amalangiza amatero chifukwa chokonda mwana. Koma mkaka sungaboole kanembanemba kamene kali m'mphuno. Choopsa kwambiri n'chakuti pa mwana wa masiku ochepa amene ali ndi mafinya a chinzonono, masiku awiri odikira kuti mkaka ugwire ntchito ndi okwanira kuwononga diso. Kukana malangizo a akuluakulu n'kovuta, makamaka mukakhala pakhomo pa apongozi. Musatsutsane nawo pagulu. Aitaneni pamene mukutikita: "Amayi, tabwerani muone zimene anationetsa kuchipatala. Akuti kanjira ka misozi n'kotseka kuno kumphuno. Taonani zikutulukazi. Mundithandize kugwira mutu." Agogo amene aona ndi maso awo manthongo akutumphuka pakabowo amakhala oyamba kukukumbutsani nthawi yotikita.

Kuika mankhwala azitsamba, madzi a masamba, madzi a shuga kapena a mchere wosungunula nokha, mkodzo, kapena kunyambita diso. Izi ndiye ayi ndithu. Diso la mwana wa kanjira kotsekeka ndi labwinobwino, likuona. Madzi a masamba amatha kuwotcha mbali yakuda ya diso kapena kulowetsa tizilombo, n'kusiya chipsera choyera chimene sichidzachokanso. Vuto limene likanatha lokha limasanduka khungu la moyo wonse. Kutemera mphini pafupi ndi diso nakonso kumangotsegulira tizilombo khomo.

Kugwiritsa ntchito mankhwala a m'maso otsala a munthu wina, kapena kugula osalemberedwa. Ena mwa mankhwala odontheza ali ndi steroid, monga dexamethasone, amene amayeretsa diso msanga koma akhoza kukweza mphamvu ya madzi a m'diso la mwana ndi kukulitsa zilonda. Botolo kapena kachubu kamene katha masiku 28 chitsegulireni katayidwe.

Kusinthasintha zipatala pofuna mankhwala amphamvu. Mwana amatha miyezi akupakidwa mankhwala opha tizilombo osafunika, pamene chala sichinagwirepo kathumba ngakhale kamodzi.

Kupukuta ndi nsonga ya chitenje, ndi malovu, kapena ndi kansalu kamene mumapukutira mamina ndi masanzi a mwana.

Kusisita ngati mukumugoneka tulo. Ngati mwana sakusonyeza n'komwe kuti wagwidwa, mphamvu yachepa.

Kusiya pakatha sabata poti palibe kusintha. Ntchitoyi imawerengedwa m'miyezi.

Kumubisa mwana m'nyumba ndi kujomba kusikelo poopa kuti apatsira anzake. Kanjira kotsekeka sikapatsirana, ndipo si chifukwa chodumphira katemera. Sikabweranso chifukwa cha chimene mayi anadya kapena kuona ali woyembekezera, kapena chifukwa chakuti wina anaphwanya mwambo mwana ali m'chikuta.

Kuzolowera. Mwana amene wakhala ndi misozi miyezi isanu akhoza kudwalanso matenda ena a maso ngati mwana wina aliyense. M'mawa uliwonse musanapukute, yang'anani zinthu zitatu: mbali yoyera ngati yafiira, mbali yakuda ngati ikunyezimirabe ndi kufanana ndi inzake, ndi pakati pa diso ndi mphuno ngati patupa. Chimodzi chikasintha, tsiku limenelo musatikite. Tengani buku la kusikelo ndi mankhwala onse amene mwakhala mukuika m'diso, ngakhale amene simunalandire kuchipatala, mukawaonetse adokotala.